Munda umene ndinalimira alamu anga

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga ena asanandiululire. Ine ndinkakhulupirira kuti munthu akatema tchire ndi manja ake, n'kuzula miyala, n'kukhoma zikhomo m'ngodya zinayi, malowo ndi ake. Musafulumire kuseka. Nzeru imeneyi sindinaitole pamowa ayi, ndinaitenga m'buku, ndipo bukulo linali la ku Amereka.

Linali buku lopanda chikuto. Masamba ake anali ofiirira ngati fodya wouma, ndipo ukalitsegula linkanunkha ngati belo la kaunjika. Linafika pasukulu pathu m'katoni, pamodzi ndi mabuku ena amene anthu akumeneko anali atatopa nawo. Patsamba loyamba mwa otsalawo panali chithunzi cha mzungu wandevu, nkhwangwa ili paphewa, kumbuyo kwake kanyumba kamitengo. Mbali zonse kunalibe munthu, kunalibe mbuzi, kunalibe ngakhale mwana wa aneba wodzapala moto. Ine wobadwira ku Nchema, kumene ukatsokomola m'munda mwako wa munda winawo amakufunsa ngati wamwa mankhwala, chithunzi chimenecho chinandizunguza mutu.

Chinali chaka chimene tinasintha boma, sukulu n'kukhala yaulere. Tonse amene tinathamangitsidwa kale chifukwa cha fizi tinabwerera, ena mawu atayamba kale kukula. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, kaya zisanu, ndipo anandiika Sitandade 5. M'makalasi munadzaza, ife n'kutikhazika pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Aphunzitsi atsopano analembedwa mothamanga, anyamata ongomaliza kumene Folomu 4, ndipo mmodzi mwa iwo anagwera ife. Anali wamtali, mlendo kwathuko, wa tayi imodzi ndi nsapato zopukutidwa mpaka kumaonekamo mitambo. Ankagona m'kachipinda kuseri kwa sitolo. Analibe munda, analibe nkhuku, analibe ngakhale mtondo. Mfundo imeneyi muisunge inu, chifukwa ine sindinaisunge.

Lachisanu lililonse masamu akatha, aphunzitsi ankatulutsa buku lija. Ankawerenga mzere umodzi m'Chingerezi, n'kumasulira m'Chinyanja mpaka mthunzi wa mango kusuntha. Lero ndikamaganiza ndimakayika ngati zonse zija zinalidi m'bukumo. Mwina mzunguyo ankangonena za mtengo wa misomali. Koma mmene ankatiuzira ife, munthuyo anatopa ndi kulamulidwa, anatenga nkhwangwa n'kupita kumene kunalibe anthu, anagwetsa mitengo, anamanga nyumba yekha, anakhoma zikhomo kuzungulira malo amene analima, ndipo palibe anabwera kudzamufunsa kuti ndiwe mwana wa yani.

"Ku Amereka anthu amalota ali maso," ankatero aphunzitsi. Ife tinkadziwa maloto a kutulo, aja umati ukalota njoka amayi n'kuyamba kuda nkhawa. Awa anali maloto ena, oti umasankha wekha n'kuwathamangira. Ndipo ankamaliza ndi mawu amodzimodzi sabata iliyonse, chala chili m'mwamba: "Mwamuna weniweni amadzidalira. Sapempha mchere."

Anzanga ankamva n'kuiwala pofika pamjigo. Ine ndekha ndinameza ndi nthenga zomwe.

Vuto linali malo. Ku Chiradzulu tchire mungalipeze kuti? Makolo a amayi atafika kuchokera ku Mozambiki anapeza malo ochepa kale, ndipo chiyambire pamenepo akhala akugawidwa ngati chinangwa cha ana ambiri. Komabe kumtunda kwa munda wa amayi, m'tsinde mwa kaphiri, kunali kachigawo kamene aliyense ankangokatcha pamiyala. Ankamangirirapo mbuzi. Ena ankapitako akafuna kudzithandiza. Khasu linali lisanagwepo chibadwire ine.

Bambo anga anali atabwerera kwawo ndili wamng'ono, atatenga njinga ndi wailesi basi, ndipo sindinadzifunsepo chifukwa chimene sanatengere china. Mwini mawu pakhomo pathu anali amalume, achimwene awo a amayi. Iwo ankakhala kumudzi kwa akazi awo, ulendo wa ola lathunthu, koma nkhani iliyonse ya munda, ya maliro kapena ya ukwati inkadikira iwo. Tsiku lina atabwera ndinawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga. Amayi ndi achemwali anga aakulu anali chapambali, akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Ndinagwada, n'kupempha pamiyala paja.

Amalume anayang'ana kuphiri, anaseka pang'ono m'mphuno, n'kunena kuti, "Pamiyala paja? Limani. Ndi panu pomwe paja."

Mwamva mmene anayankhulira? Limani. Panu. Chibadwire changa amalume anali asananditchulepo inu. Ndinali iwe, ndinali mphuno iwe, ndinali kagalu aka. Tsiku limenelo ndinamva ulemu ukutuluka m'kamwa mwawo, ndipo ndinati basi, ndakula, andiona kuti ndine mwamuna. Ndinadzuka pamenepo mapewa atatambasuka. Sindinaone kuti ponena mawuwo maso awo sanali pa ine. Anali pa anthu awiri osenda chinangwa aja.

Ndinayamba dzuwa la Okutobala lili pakati. Khasu la amayi ndinalikana, chifukwa kubwereka khasu ndi kupempha mchere komwe. Ndinatola lakutha kudzala, n'kusema ndekha mpini wake, wokhota ngati mwendo wa galu. Chozulira miyala chinali chitsulo cha sipuling'i ya lole chimene ndinachipeza m'mbali mwa msewu. Choyamba ndinakhoma zikhomo zinayi za bulugamu m'ngodya, monga anachitira mzungu uja, kenaka ndinayamba kukumba.

Miyala ya pamenepo inali ndi mizu, ndikukuuzani. Umati ukaona kamwala ngati chibakera, pokumba n'kupeza kuti ndi mphuno chabe, mutu wonse uli pansi. Masana inkatentha moti ukaigwira inkaluma. Pansi pake pankatuluka zinkhanira, ndipo kamodzi ndinavundukula mphiri itadzipinda ngati nkhata, ine n'kuthawa mpaka kumjigo osadziwa kuti khasu ndalitaya pati. Matuza anaphulika, ena n'kumera pamwamba pa anzawo. Chikhadabo cha chala ichi chinatsalira pamenepo, ndipo chimene chinamera m'malo mwake mpaka lero chimaoneka ngati chiboda cha mbuzi. Miyala yonse ndinkaigubuduza n'kuiunjika m'mizere yopingasa phiri, kuti madzi a mvula asadzakokolole dothi. Zimenezo sizinali m'buku. Ndinaziganiza ndekha, ndipo mpaka pano ndimanyada nazo, ngakhale palibe amandifunsa.

Dothi lake linali lowonda, ndiye Loweruka ndinkayenda mpaka cha ku Mikolongwe kukatola ndowe m'njira zimene ng'ombe zinkadutsa. Ndinkabwera thumba lili pamutu, zamadzimadzi zikutsikira m'khosi, ntchentche zikundiperekeza ngati mkwati. Atsikana a pamjigo anandipatsa dzina limene sindilemba pano, chifukwa ena mwa iwo akali moyo ndipo angalikumbukire. Mbewu ya nandolo ndinakunkha m'minda ya anthu atatha kukolola. Ya chimanga ndinaigwirira ganyu. Pakona yakumtunda ndinamanga chisakasa cha udzu, ndipo ndinalengeza kunyumba kuti kuyambira tsiku limenelo ndizidya zanga.

Kudzidalira kwa m'mimba kunatha masiku atatu. Ndinadya mango osapsa ndi mbewa ziwiri zopanda mchere, ndipo zimene zinatsatira sizoyenera kulemba munthu wa imvi. Tsiku lachinayi achemwali anatulukira ndi kambale ka makaka ophika ndi nyemba za kalongonda. Ndinati sindipempha. Iwo anati, "Wapempha ndani? Ndabweretsa ndekha. Idya usafere pano, tingavutike kukunyamula." Ndinafufuza m'mutu ngati mzungu uja anali ndi mlongo wake. Buku silinanenepo kanthu. Ndinadya.

Mbiri inawafika aphunzitsi. Loweruka lina ndinangoona nsapato zonyezimira zikukwera phiri. Anaima pamwamba pa mulu wa miyala, manja m'thumba, n'kuyang'ana uku ndi uku nthawi yaitali. Lolemba anandiimiritsa pamaso pa kalasi yonse. "Mwa nonsenu, amene wamva buku ndi uyu." Ndikanafa tsiku limenelo ndikanapita kumwamba ndikumwetulira.

Kuyambira pamenepo ankabwera kawirikawiri. Chodabwitsa, ankafika nthawi imodzimodzi ndi kambale. Achemwali nawo anayamba kubweretsa chakudya atavala chitenje cha ku tchalitchi, nkhope ikuwala mafuta, pamene kumunda kunali ine ndi abuluzi. Ine ndinkati akulemekeza munda wanga. Aphunzitsi ankayenda kuchokera pachikhomo china kufika pa china akuwerenga mapazi, ine n'kumati akundiphunzitsa masamu. Ankandilangizanso. Chitsa icho chichoke. Chulu icho uchigumule, dothi lake ulimwaze, ndi chonde chimenecho. Apa pakhale posalala bwino, munthu akhoza kudzamangapo nyumba. Ndinkachita zonse, thukuta lili chuchuchu, iwo atakhala pamthunzi wa chisakasa changa. Nthawi zina ankandituma kukatunga madzi kuchitsime chakutali, ati a pamjigo amanunkha chitsulo. Ndinkathamanga kuti ndisawachedwetse. Ndikuganiza kuti ankalakalaka ndikanamayenda pang'onopang'ono.

Mvula yoyamba inagwa masana, fungo la dothi lonyowa ndi ndowe zija likukwera mpaka kumutu. Ndinabzala chimanga, pakati pake nandolo. Chinamera chobiriwira mpaka kuderako, mapesi onenepa ngati dzanja la mwana. Anthu amene ankandiseka anayamba kudutsira njira ya kuphiri popanda chifukwa, n'kumaima. Ndinkanamizira kupalira osawaona, koma makutu ali kwa iwo.

Amayi anabwerako kamodzi kokha. Anayenda m'mizere mwakachetechete, anagwira miyala, kenaka anatenga manja anga n'kuwatembenuza kuona m'kati. "Walima bwino, mwananga," anatero. "Koma usaikepo mtima wonse." Anawonjezera mawu ena m'Chilomwe, chapansipansi, chinenero chimene ankayankhula akamadandaula okha, ndipo ine ndinkangotolamo mawu amodziamodzi. Ndinaganiza kuti akuchita nsanje chifukwa chimanga changa chinaposa chawo. Mulungu andikhululukire, ndinaganizadi choncho. Koma nawonso ndimawafunsabe mumtima, ngakhale anagona kalekale: chinawavuta n'chiyani kunena m'Chinyanja?

Nditakolola chimanga, nandolo atatsala yekha m'munda akuyamba maluwa, kunyumba kunabwera alendo. Anali ankhoswe. Aphunzitsi ankafuna achemwali. Inu mukuganiza kuti ndinakwiya? Ndinavina. Munthu wa buku, munthu wa tayi, adzakhala wa pakhomo pathu. Atanena kuti chimera cha thobwa la chinkhoswe chikuchepa, ndinapereka chimanga changa ndekha, wosapemphedwa, ndipo tsiku la mwambowo ndinkazungulira pakati pa anthu n'kumawauza kuti thobwa mukumwalo ndi la m'munda mwanga. Ena ankandiyang'ana mwachisoni. Ndinkati thobwa lawakolera.

Patatha sabata, m'mawa, ndili m'munda kuchotsa udzu m'nandolo, ndinaona anthu atatu akukwera: amalume patsogolo ndi ndodo yawo, aphunzitsi pambuyo, achemwali kumapeto. Amayi panalibe. Anali atalawirira kuchigayo, ngakhale ufa unali wodzaza m'dengu.

Amalume sanandipatse moni. Ankaloza ndi ndodo, akuyankhula ndi aphunzitsi. Malire ayambira apa, atsikira apo. Nyumba mumange posalala apa. Atafika pakona anapunthwa pa chikhomo changa.

"Iwe, tazula timitengo takoti. Tipweteka anthu."

Ndinafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Anati akuonetsa mkamwini pamene azilima ndi mkazi wake, monga amachitira aliyense akalowa pamudzi.

"Koma amalume, munanena kuti pano ndi panga."

"Ndinati pako?"

"Munati ndi panu."

"Eya, ndi panu. Pa amako ndi ana awo aakazi." Anandiyang'ana, kenaka anamvetsa, ndipo anaseka mpaka kutsamira ndodo. Sikunali kuseka kwa nkhanza, n'chifukwa chake kunawawa kwambiri. "Iwe unkati ndikukupatsa ulemu? Ndikutchule inu iweyo, wa mamina? Mwamuna munda wake uli kumene akakwatire. Wanga ine unauonapo kuno?"

Ndinatembenukira kwa aphunzitsi. Ndinkadikira kuti akweze chala chija, awauze amalume za mzungu wa nkhwangwa, za zikhomo, za munthu amene palibe anamufunsa kuti ndi mwana wa yani. Anali munthu yekhayo padziko lonse amene ankadziwa chifukwa chimene chikhadabo changa chinatsalira pamenepo. Iwo ankayang'ana nsapato zawo. Kenaka anatsokomola n'kunena kuti, "Alamu, musadandaule. Tizilima limodzi."

Ameneyo ndiye anali inu wanga woyamba weniweni. Ndinamugula ndi munda.

Achemwali anali atatembenukira kwina, akuthothola maluwa a nandolo limodzilimodzi n'kumaponya pansi. Nkhaniyi ine ndi iwo sitinaikambepo mpaka lero. Zikhomo ndinazula ndekha. Zinali zitalimba, china chitayamba kuphuka masamba.

Nandolo uja anakolola iwo. Miyala ya mzere wakumtunda anaitenga kukhala maziko a nyumba yawo, pamalo posalala pamene ndinasalaza ine. Kusukulu sindinabwerereko. Ndikanakaimika dzanja n'kunena chiyani, aphunzitsi kapena alamu? Ndiye mukaona kalembedwe kanga kakutsimphina, mwadziwa pamene kanathyokera mwendo. Ndinayendayenda, maganyu, kugulitsa makala, kukankha njinga za anthu, mpaka ndinakwatira ku Kadewere, kumene ndikukhala mpaka lero, ana asanu ndi zidzukulu zondikoka ndevu. Kumeneko nane anandionetsa ndi ndodo pamene ndizilima. Munda wabwino, wofewa, khasu limangolowa lokha.

Amalume sindinawasungire kanthu kwenikweni. Iwo sananame. Anayankhula Chinyanja cholondola, olakwa ndi makutu anga. Koma munthu wa buku uja ankadziwa mwambo, ankadziwa kumene mundawo ukupita, ndipo ankandiuza kuti chitsa icho chichoke. Lachisanu ankatiphunzitsa kusapempha mchere, Loweruka n'kumayeza ndi mapazi munda wa mwana wa sukulu. Pa anthu onse amene ndawadziwa, iye ndiye analotadi ali maso.

Mwezi wathawu ndinapita kwathu, tinkamanga chiliza cha amalume. Alamu anapuma ntchito tsopano, mimba yatsogola, tayi anaisiya. Titatha kudya anatenga alendo ena ochokera m'tauni kukawaonetsa munda. Ndinawatsatira chapatali. Mizere ya miyala ija ikalipo, yamera ndere, dothi lakwera mpaka pamwamba pake, ndipo chimanga cha pamenepo chimaposabe cha mudzi wonse. Ndinamva alamu akuti, "Pano panali miyala yokhayokha. Tinavutika napo kwabasi. Ana a masiku ano sadziwa kudzidalira." Alendo ankagwedeza mitu.

Ndinasendera n'kunena kuti, "Alamu, tawaonetsani manja alendowa, aone mmene miyala imapwetekera." Anaseka, alendo anaseka, nane ndinaseka. Manja anakhalabe m'thumba.

Ndinafika kunyumba ku Kadewere dzuwa litalowa, nditakwiya ngati zachitika dzulo. Mayi a kunyumba anali pamkeka akusola nandolo. Ndinawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi, ngakhale anazimvapo kambirimbiri: ndowe, mphiri, chikhadabo, panu. Ndinati palibe chinthu chowawa ngati mlendo kudya thukuta la mwana, osanena ngakhale zikomo. Anandisiya mpaka ndinatha. Kenaka, osakweza n'komwe mutu, anati:

"Nanga munda mukulima kunowu, abambo, mumati miyala yake inachoka yokha? Anazula achimwene anga ali mnyamata, zaka ziwiri zathunthu. Mumati akamakupatsani moni akuyang'ana kumbali ndi manyazi?"